Chingoni cha Anthu Awiri Othawana

LOLEMBA

M'mawa, pa Neno boma. Ndatsika minibasi msana uli wa eni ake. Kuzizira! Blantyre inandiiwalitsa kuti kuno mwezi wa Julaye mphepo imalowa mpaka m'mano. Manachesi ali mbwee pamsika, ndikudya ndili chiimire.

M'chikwama muli:
rekoda ya ku ofesi, yobwereka, iyenera kubwerera Lolemba likubwerali
maiki ndi kachipewa kake kaubweya kotchinga mphepo
mahedifoni
mabatire
shuga wa agogo, jekete ya ababa
chikhulupiriro chosefukira

Ntchito yake nayi. Kwathu, kuseri kwa Magaleta, kwatsala anthu awiri okha oyankhula Chingoni chenicheni, osati chija timakuwa povina ngoma osadziwa ngati tikutamanda mfumu kapena tikutukwana. Woyamba ndi ababa anga, a Ngozo. Wachiwiri ndi agogo anga aNanyoni, amene anabereka malemu amayi. Onse aposa zaka makumi asanu ndi atatu. Ine mwana wawo ndimadziwa “yebo” basi.

Abwana anga a Madamu anakhala zaka zambiri ku Mali, kumapiri a anthu otchedwa Adogoni, akujambula ziyankhulo zimene zikutha. Kwa iwo chilichonse chimayambira kwa Adogoni. Ukawapatsa tiyi akuuza mmene Adogoni amamwera. Akuti kujambula mawu amodziamodzi ndi kutola mafupa, mnofu wa chiyankhulo ndi anthu awiri akucheza. Pamenepo ndi pamene umamva bwino mmene liwu likukwerera ndi kutsika, ndipo m'ziyankhulo ngati izi kukwera ndi kutsikako n'kumene kumanyamula tanthauzo. “Uwakhazike moyang'anana, maiki pakati, iwe uchokepo.” Ndinawayankha chifuwa chili patsogolo kuti anthu awiriwo ndili nawo, nyumba zawo n'zoyandikana, wina ndi bambo anga ondibala. Anandikumbatira.

Dongosolo: Lachiwiri kuyesa makina. Lachitatu mpaka Lachisanu macheza. Loweruka kumasulira. Lamulungu kupuma ngati munthu wopambana.

Madzulo. Wakabaza wanditula pakhomo fumbi lili mpaka m'nsidze. Ababa avala jekete yatsopano pamwamba pa yakale, akuti zonse ziwiri n'zawo. Alamu, mkazi wa achimwene amene amawaphikira, akazinga kachewere. Ndikufotokoza ndi manja omwe: inu ababa mukhala apa, agogo apa, muziyang'anana, muzicheza.

Ababa asiya kutafuna. Alamu agwetsa chipande.

“Wati ndiyang'anane ndi ndani?”

Mayo ine! Chipongozi!

Kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sadyera limodzi, sayankhulana. Ndaziona kuyambira ndili kumbuyo. Agogo akatulukira panjira, ababa m'chimanga lowu. Chimanga akakolola amabisala kuseri kwa mtengo uliwonse, ngakhale wa papaya wosabisa ndi mwendo umodzi womwe. Agogo nawo chitenje kumaso, n'kudutsa cham'mbali. Ndinakulira momwemo mpaka ndinasiya kuziona. Pulojekiti yonse ndinalemba ndekha, ndinaiwerenga, ndinaikonza, osakumbukira. Digiri yonse ija!

Kachewere ndamusiya m'mbale.

LACHIWIRI

Sindikutaya mtima. Lero ndiwajambule payekhapayekha, zina tiona mawa.

Ababa pakhonde, maiki pampando. Ndavala mahedifoni. Zimene ndikumva:
tambala wa alamu
chigayo cha kutsidya
malata akuthetheka ndi dzuwa
mimba yanga

Kenako ababa ayamba. Ambuye! Mawu akutuluka ngati a munthu wina, olemera, oyenda mokwera ndi motsika. Ayankhula pang'ono n'kuima, akundiyang'ana, akudikira yankho. Ine: “Eee.” Agwedeza mutu n'kupitiriza m'Chichewa za kukwera mtengo kwa feteleza. Tiyambirenso. Zomwezo. Tiyambirenso. Feteleza.

“Nanga ndiziyankhula ndi ndani? Munthu woyankhula yekha timati wazungulira mutu.”

Ndiyesa njira ina ya a Madamu. Kwa Adogoni munthu amatchula liwu kenako n'kuliimba ndi mluzu, kuti kukwera ndi kutsika kwake kumveke poyera. Ababa ali okonzeka. Vuto ndi lakuti mano awo atsala owerengeka ndipo sagwirizana. Chotuluka ndi mpweya ndi malovu. Akupepesa maiki.

Masana, kwa agogo. Ndawapeza akusankha manachesi okagulitsa kumsewu, owola akundipatsa ine. Moni wawo: “Wanenepa. Ukwatiwa liti?” Shuga alandira osayang'ana. Za mluzu ndangoyamba kutchula.

“Mkazi woimba mluzu? Amayi ako ndinalera ine, nanga iwe anakulera ndani?”

Alamu andinong'oneza kuti agogo Chingoni amayankhula akamakalipira mbuzi. Ndatsatira nkhalamba masana onse maiki ali m'manja, kudikira mbuzi ilakwe. Lero mbuzi zonse zabadwanso mwatsopano. Zikudya udzu mwaulemu, zikulowa m'khola zokha. Ndayesa kukankhira imodzi kudengu la manachesi, yandiyang'ana n'kuchoka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti awiriwa anakulira mudzi umodzi, kumtunda cha kumalire, kumene akuluakulu anali asanataye chiyankhulo. Ankadyera mbale imodzi, ankaweta limodzi ana a ng'ombe. Ababa anapita ku Joni, anachedwako, anabwera imvi zitayamba, n'kudzakwatira mwana wa mnzawo wa paubwana. Tsiku limene ankhoswe anakumana ndi limene macheza anatha. Ine chitsiriza ndadutsa zaka makumi atatu. Amayi atamwalira ababa sanabwerere kwawo, chifukwa agogo anatumiza mawu kudzera mwa anthu kuti aliyense wothamangitsa mkamwini wawo ayambe wathamangitsa iwo.

Madzulo. Kachipewa ka maiki kasowa. Kapezeka kuseri kwa nkhokwe, mphaka atakapha bwinobwino. Akuoneka wonyada kwambiri.

LACHITATU

Nzeru yabwera ndikusamba! Mwambo umaloleza kuti apongozi atumizirane mawu kudzera mwa munthu wachitatu. Ndiye akhale pafupi koma osaonana. Nkhokwe pakati, ababa mbali iyi, agogo mbali inayo, atafulatirana.

Kunyengerera kwatenga m'mawa wonse. Avomera! Onse avala za ku tchalitchi. Ababa afika kudzera kudimba, agogo kudzera kuseri kwa bafa, alamu akuwongolera ngati wapolisi wa pamsewu kuti asagundane.

Maiki ndamangirira pamwendo wa nkhokwe. Ndachokapo monga ananenera a Madamu. Ndili kuseri kwa mtengo wa mango ndi mahedifoni.

Zii.

Ababa atsokomola. Patapita nthawi agogo atsokomolanso. Ndikudzifunsa ngati kumeneku kungatchedwe kucheza.

Ndabwerera, ndakhala pakati. Pompo zatseguka!

Ababa: “Uwauze apongozi kuti tawaona.”
Agogo: “Uwauze kuti ifenso tawaona, koma mbuzi yawo ija tinaionanso.”

M'Chichewa. Zonse m'Chichewa! Ndipo ayi, sakundidikira kuti ndiwauze, akumvana okha bwinobwino, ine ndangokhala ngati chitsa. Ndagwada. Chonde agogo, chonde ababa, zomwezi koma m'Chingoni.

Agogo, nkhope ili kukhoma la bafa: “Iwe, Chichewa ndikamayankhula ndikuuza iweyo, enawo akungomvera nawo. Nanga ndikayankhula Chingoni pano wakumva ndi ndani? Ndi mmodzi yekha. Ndiye kuti ndayankhula nawo.”

Kuseri kwa nkhokwe ababa: “Uwauze kuti anena zoona.”

Ndakhala pansi penipeni, m'fumbi. Ndiye kuti Chingoni chikanakhala ndi womva wachitatu chikanayankhulidwa. Wachitatuyo anayenera kukhala ine. Ine ndinali kalikiliki kuloweza Chingelezi ndi kulemba mayeso a ziyankhulo za anthu ena. Mtima ukundiwawa ndipo palibe woti ndimukalipire.

Zokolola za lero: mlandu wonse wa mbuzi ya ababa imene inadya nandolo wa agogo chaka chatha, womveka bwino kwambiri, wopanda phokoso, m'Chichewa cha mtundu wapamwamba.

Madzulo ndakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, malo okhawo amene foni imagwira. Ndawafotokozera a Madamu. Akuti n'zosangalatsa zedi! Akuti kwa Adogoni nakonso kuli anthu opewana, ndilembe zonse. Akuti wofufuza wabwino sagonja, amapeza njira. Akuti ndisaiwale Lolemba, chifukwa Lachiwiri akukwera ndege ndi rekodayo kubwerera ku Mali.

Ndatsika pachulu linthumbu litandikwera mpaka m'chiuno.

LACHINAYI

Ndinaganiza zoti aimbirane foni, pakuti foni si maso. Koma foni imagwira pachulu chokha, ndipo pachulupo pamakwana munthu mmodzi ndi theka. Apongozi awiri pachulu chimodzi! Ndazisiya.

Cha m'ma teni, kwa agogo. Ndakhala pakhonde, ndikufuna kumva ngati mano a mphaka sanawononge maiki. Ndatsegula zimene ndinajambula Lachiwiri, osaona kuti mahedifoni sindinalumikize. Mawu a ababa phuu pakhonde la apongozi awo, m'Chingoni!

Agogo chitenje kumaso, atembenukira kukhoma liwiro la mtsikana. “Alowa bwanji anthuwa?”

Ndikuti ayi agogo, ndi kawailesika. Ndikufuna kuzimitsa, andimenya dzanja osacheuka. Amvetsera mpaka pamene ababa akuyamba za feteleza. Kenako ayamba kuyankha khoma.

M'CHINGONI!

Ndadina batani lojambulira. Akuyankhula, akuyankhula, akuloza khoma ndi chala, akuseka. Atamaliza akuti: “Kawailesi si mkamwini. Pita nako.”

Ndathamanga! Ababa avula chipewa, atsika pampando, akhala pansi chofulatira rekoda. Akumvetsera mutu uli pansi. Mwadzidzidzi aphulika kuseka. Chimwalirireni amayi sindinamvepo kuseka kumeneku, ndinali nditaiwala kuti amamenya bondo akamaseka. Alamu atuluka m'khitchini maso ali psuu ndi utsi, akuganiza kuti nkhalamba yatsamwa. Ababa apukuta misozi ndi jekete yatsopano, akonza kukhosi, ayankha.

Tsiku lonse ndine mthenga. Kwa agogo, kwa ababa, kwa agogo, kwa ababa. Patapata waduka, ndikuyenda wapansi. Agogo ayalira rekoda mkeka wa alendo, ine ndikukhala padothi. Pena akukangana, ndikumvera kukwera kwa mawu. Pena wina ayamba kanyimbo, winayo akamaliza ulendo wotsatira. Pali dzina la amayi limene ndalimva likudutsa, pamenepo palibe anaseka.

Ndawapempha andimasulire pang'ono pokha. Ababa: “Si za ana.” Agogo: “Ukwatiwe kaye.”

Zilibe kanthu! Ndili ndi Chingoni! Ndavina ndekha kuseri kwa khitchini.

Pachulu, dzuwa likulowa. A Madamu akuti n'zokongola, akuti akulira. Kenako akuti koma. Koma amenewa ndi makalata apakamwa, si macheza. Palibe kudulana mawu, palibe kuvomerezana pakati, munthu akadziwa kuti mnzake ayankha pakapita nthawi liwu lake limayenda mosiyana. Kwa Adogoni anazionapo. Akuti ndatsala pang'ono, ndingowakhazika pamodzi basi.

Basi. Ngati kukhazika mphika pamoto.

LACHISANU

Alamu akuti njira yothetsera chipongozi ilipo. Mkamwini amapereka nkhuku, akuluakulu a mbali zonse amachitira umboni, apongozi akalandira amagwirana chanza, kuthawana kwatha. Bwanji simunanene Lolemba? Akuti sindinafunse.

Nkhuku ndapeza, tambala wofiira wonenepa, ndamumanga mwendo patsinde la mango. Ankhoswe enieni onse anatsogola kalekale. Wotsala ndi amalume, mwana wa agogo wamwamuna, wa golosale pa boma, mkulu wa mpingo. Ndawaimbira pachulu.

Ndalakwitsa. Ndalakwitsa kwambiri.

Afika pa njinga yamoto ndi Baibulo m'khwapa ndi nkhope ya pamaliro. Nkhani inawapeza kale dzulo kudzera mwa ogulitsa tomato. Mafunso awo:
Bambo wamasiye akufuna kuyankhula ndi mayi wamasiye za chiyani?
Bwanji m'chiyankhulo chimene munthu wina aliyense sangachitsatire?
Amene anaseka dzulo mpaka kumveka kumjigo ndi ndani?
Ine ndinapita kusukulu kukaphunzira zimenezi?

Kumjigo nkhani yapsa kale. Akuti a Ngozo akufunsira apongozi awo pa wailesi, mwana wawo ndiye akuyendetsa. Ena akuti zinayamba kalekale ali ana. Mayi wina akuti iye anaziona kuyambira pa nkhani ya mbuzi, kuti mbuzi siingapite kumunda umodzimodzi popanda woituma. Anthu a zaka makumi asanu ndi atatu! Mmodzi alibe mano!

Amalume alamula kuti amve okha. Ndawaveka mahedifoni. Akhala mwendo pamwamba pa unzake, maso otseka, akumvetsera mwakuya Chingoni chimene sadziwa ngakhale liwu limodzi. Avula.

“Kasekedweka sikakundisangalatsa.”

Ndayesa kufotokoza za kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ndatchula ndi Adogoni omwe, Mulungu andikhululukire. Akuti Adogoniwo ali ndi mpingo wawo, ife tili ndi wathu. Apita kukayankhula ndi amayi awo. Kuchokera kuno ndikumva agogo akukalipa, ndipo zikumveka kuti ndi Chingoni, chija cha mbuzi. Rekoda ili m'manja mwa alamu amene auzidwa kuti aisunge mpaka mlendo atapita.

Nkhomaliro. Ndiwo zake nkhuku. Ndayang'ana patsinde la mango, patsala chingwe. Alamu akuti nanga mlendo wochokera pa boma akanadya chiyani, nyemba? Amalume adya chiwindi ndi nthutumba, ayamika kuti anthu akumudzi mumadziwa kulandira alendo, apemphera pemphero lalitali lotchula mayesero a ukalamba.

Ababa sanatuluke m'nyumba tsiku lonse. Lero palibe uthenga wapita kapena kubwera. Ine ndi amene ndaitana amalume, ndi foni yanga, ndi mayunitsi anga.

LOWERUKA

Tsiku lomasulira, malinga ndi dongosolo. Ha!

Ndawapeza ababa kudimba akuthirira mpiru, jekete zonse ziwiri zili pathupi. Ndapsa mtima ndisanafike. Ndayankhula zambiri, zina zosayenera mwana. Ndati nkhuku ina ndipeza, amalume tiwasiye, anthu akumjigo adzatopa okha. Ndati inu awiri mukusunga mwambo n'kupha chiyankhulo. Ndati mmodzi wa inu akangogona osadzuka ndiye kuti chatha, chatheratu, ndipo mudzapita nacho kumanda ngati munthu womana. Ndalira ndi kulira komwe, kwa ukali, kwa mamina.

Athira madzi mpaka kheni yatha. Aikhazika pansi.

“Anthu akumjigo sindikuwaopa. Koma iwe, apongoziwo ndinayamba kuwathawa chifukwa cha amayi ako. Zonse zimene ndinkawachitira amayi ako zinatha. Sindiwalimira, sindiwagulira nsalu. Chatsala n'chimenechi. Ndikalowa m'chimanga muja ndimakhala ndikadali mwamuna wawo.”

A Madamu sanandiphunzitse yankho lake.

Atola kheni, abwerera. “Ndipo zija za Lachinayi usakapereke kusukulu. N'zathu.”

Ndiye zimene ndikapereke Lolemba ndi izi:
tambala wa alamu, womveka bwino
chigayo
feteleza, katatu konse m'njira zosiyanasiyana
mpweya ndi malovu
kutsokomola kwa anthu awiri, mosinthana
mlandu wa mbuzi
kachipewa kodyedwa ndi mphaka

Chingoni chenicheni ndili nacho cha tsiku lathunthu. Sindingachipereke, sindichimva, ndipo anthu awiri okha amene angandimasulire akuti ndine mwana.

Masana. Ndapempha alamu kuti ndikachoka azinyamula mauthenga ndi foni yawo, ndiwaonetsa pojambulira. Akana ndisanamalize. “Ine ndili pabanja, alamu. Inu mukupita, kumjigo ndimatunga ndine tsiku ndi tsiku.” Sindikuwada.

Pachulu. Ndapempha a Madamu tsiku limodzi lokha loonjezera. Akuti akanakonda, koma ndege sidikira, ndipo kwa Adogoni kuli nkhalamba ina yodwala imene yatsala yokha. Kulikonse nkhalamba zikutha, rekoda ndi imodzi. Tchuthi changa ndi Disembala. Agogo chifuwa chawagwira, alamu akuti chaka chatha nyengo ngati ino anagona nacho kuchipatala.

Chakumadzulo ababa andikodola kuseri kwa khola lakale la ng'ombe, mmene tsopano mwamera maungu. Akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba.

“Kawailesi kaja kakadali ndi moto?”

Avula chipewa. Ayankhula nthawi yaitali, motsitsa, osaseka. Pena aima mpaka ndikuganiza kuti amaliza, kenako apitiriza. Chingoni sindimva, koma kumapeto kwake ngakhale ine ndadziwa kuti afunsa funso. Akuti ndikapereke mawa anthu ali ku tchalitchi.

LAMULUNGU

Belu lalira, mudzi wonse wapita. Agogo atsala, auza anthu kuti miyendo. Ndawapeza atavala duku labwino, atatembenukira kale kukhoma.

Ndatsegula. Amvetsera osagwedezeka. Lero palibe kuseka, palibe kuloza chala. Mawu a ababa atatha akhalabe choncho, ndikungoona msana wawo ukukwera ndi kutsika. Ndadina batani, ndayandikiza maiki. Ndadikira. Nkhuku yadutsa. Ndadikirabe.

“Zimitsa,” akutero m'Chichewa. “Zimenezi si zoyankha tsiku lomwelo. Ndigone nazo. Ubwere nako mawa.”

Ndinawauza Lachiwiri kuti ndichoka lero. Ndinawauzanso Lachinayi. Ndatsegula pakamwa kuti ndinenenso, chotuluka ndi chakuti, chabwino agogo. Andipatsa manachesi, abwinobwino ulendo uno.

Dongosolo linati lero ndipuma ngati munthu wopambana. Ndalongedza mabatire otsala, mahedifoni, maiki wopanda chipewa. Sindikudziwa chimene ndikanene mawa ku ofesi. Mwina ndikayamba ndi mbuzi.

Wakabaza wafika nthawi yake, lero lokha. Ababa andiperekeza mpaka kumsewu, chikwama cha makina anyamula okha, akana kuti ndiwalandire. Njira yonse sakufunsa. Njinga italira kale ndi pamene ayandikira.

“Ayankha?”

“Ati mawa.”

Ayang'ana chikwama. Andiyang'ana ine. Akudziwa bwino lomwe kumene chikwamacho chikhale mawa.

“Eya. Apongozi safulumizidwa.”

Atenga mphira kwa wakabaza, amangirira chikwama kumbuyo kwa njinga ndi manja awo, akoka, amanganso mfundo ina, ayesa kuchigwedeza. Akuti msewu wa ku boma ndi woipa, chingagwe.